Kayendetsedwe ka Dimba la Gulu: Ntchito za Ogasiti ndi Seputembala

Mawu oyamba

Chisanu chikayamba kutha, mango atachita maluwa ndipo mitengo ya mombo itaphuka masamba ofiira, magulu ambiri a alimi amatsikira kudimba kukagawana malo. Mu Ogasiti chitsime chimakhala chikadali ndi madzi, nthaka ya m'dambo ikadali ndi chinyontho, ndipo aliyense amafuna ndime yaikulu. Mavuto amadza mu Okutobala. Madzi amatsika pa nthawi yomwe tomato wayamba kubereka ndipo chimanga chamasula. Omwe ali kutali ndi chitsime amayamba kuthirira usiku mobisa, mbuzi zimaboola mpanda pa ndime ya munthu yemwe analeka kubwera, ndipo gulu lomwe linayamba ndi anthu ambiri limafika Novembala litatsala ndi ochepa, nawonso osalankhulana.

Pa maulendo athu oyendera madimba taona kuti kawirikawiri gulu silitha chifukwa cha mbewu yoipa kapena ulesi. Limatha chifukwa linagawa malo lisanayeze madzi, ndiponso linabzala lisanagwirizane malamulo. Uthenga uno ndi wa inu alangizi ndi alimi otsogolera anzanu. Ukufotokoza zoyenera kuchita m'miyezi iwiri ya Ogasiti ndi Seputembala, motsatana monga momwe ntchitozo ziyenera kugwiridwira, ndi zifukwa zake.

Yambani ndi kuyeza madzi

Kukula kwa dimba kuchokere pa madzi a mu Okutobala, osati pa malo omwe mfumu yapereka. M'madera ambiri a dziko lino, mbewu zomwe zakula ndi kuphimba nthaka zimamwa madzi okwana mamilimita 5 mpaka 7 pa tsiku mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo m'chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja zimatha kupyola pamenepa. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa sikweya mita imodzi. Tikatenga mamilimita 6, bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali lifuna malita 60 pa tsiku, omwe ndi makheni 6 a malita 10. Mlimi wa mabedi 10 afuna makheni 60 tsiku lililonse. Gulu la alimi 20 otere lifuna malita 12,000 pa tsiku.

Bungwe la FAO limawerengera kuti kuchokera pobzala mpaka pokolola tomato amafuna mamilimita 400 mpaka 800, chimanga 500 mpaka 800, anyezi 350 mpaka 550, kabichi 350 mpaka 500 ndipo nyemba 300 mpaka 500. Choncho kusankha mbewu ndi kusankhanso kuchuluka kwa madzi omwe gulu lidzatunge.

Poyeza chitsime chitani izi. Tungani madzi mpaka atsike kwambiri, ikani chizindikiro pomwe alekezera, ndipo dikirani ola limodzi. Kenaka tunganinso mpaka afike pa chizindikiro chija, mukuwerenga makheni. Mwachitsanzo, mukapeza makheni 30, ndiye kuti chitsimecho chikubweza malita 300 pa ola, omwe ndi malita 3,000 pa maola 10 a usana. Madzi amenewa akwanira masikweya mita 500, kapena kuti mabedi 50 okha. Kwa gulu la anthu 20, ndi mabedi awiri ndi theka munthu aliyense, osati 10. Gulu lotere liyenera kukumba zitsime zina kapena kuchepetsa mabedi.

Ngati mumapatutsa madzi a mumtsinje, tcherani ndowa ya malita 20 pomwe madzi onse a m'ngalande akugwera ndipo werengani masekondi. Ikadzadza pa masekondi 10, mukulandira malita awiri pa sekondi, omwe ndi malita 57,600 pa maola 8. Hekitala imodzi imafuna malita 60,000 pa tsiku. Komanso ngalande ya dothi yosawaka imataya madzi ambiri m'njira, nthawi zina mpaka theka, ndiye madzi amenewa angokwanira pafupifupi theka la hekitala. Kumbukiraninso anzanu a kumunsi kwa mtsinje, omwe akufuna madzi omwewo akumwa, ochapira ndi omwetsa ziweto.

Muyeso wa mu Ogasiti ndi wa nthawi ya madzi ambiri. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Funsani amayi omwe amatunga pamalopo kuti chaka chatha madzi anatsika mpaka pati komanso mwezi uti, ndipo chepetsani mabedi molingana ndi yankho lawo. Bwerezani kuyeza pa masabata awiri alionse ndi kulemba m'kaundula wa gulu. Pampu yopondaponda, ya injini kapena ya sola imafulumizitsa kutunga koma siwonjezera madzi m'chitsime.

Mgwirizano wa malo

Madimba ambiri a magulu ali pa malo obwereka. Gulu limathira manyowa zaka ziwiri, nthaka imakonzeka, kenaka mwini malo amawafuna. Kuti izi zisachitike, mgwirizano ulembedwe pamaso pa mfumu, mwini malo ndi banja lake, komiti ya gulu ndi mlangizi. Mulembedwe malire, zaka zomwe gulu lidzalimepo, mwezi wolowa ndi wotuluka ngati mwini amalimapo dzinja, zomwe mwiniyo azilandira, ndiponso mwini wa chitsime, mpanda ndi mitengo mgwirizano ukadzatha. Ngati mwini amafuna malo ake mvula ikangoyamba, gulu lisabzale tomato kapena kabichi mu Seputembala pamalopo, chifukwa mbewuzi zidzakhala zikadali m'munda mu Disembala.

Musalime mpaka pa gombe la mtsinje. Siyani mpata wokhala ndi udzu wa vetiva, nsenjere, bango kapena mitengo. Gombe lopanda chophimba limagumuka ndi mvula yoyamba, mchenga umakwirira dambo, ndipo chaka chotsatira madzi amaphwa msanga.

Gawani dimba m'zigawo zinayi

Magulu ambiri amapatsa munthu aliyense ndime imodzi kuti abzalemo zomwe akufuna. Kagawidwe kameneka kamabweretsa mavuto awiri. Loyamba, ena amagwera pafupi ndi madzi pamene ena ali kumapeto, ndipo madzi akachepa amapsa ndi a kumapeto okha. Lachiwiri, kasinthasintha wa mbewu satheka, chifukwa ngakhale mlimi asinthe mbewu pa ndime yake, tomato wa mnzake ali pa bedi loyandikana nalo chaka chonse.

Njira yabwino ndi kugawa dimba lonse m'zigawo zinayi, ndipo membala aliyense akhale ndi mabedi ake m'chigawo chilichonse. Chigawo chilichonse chikhale cha banja limodzi la mbewu:

Chigawo choyamba: tomato, mabilinganya, tsabola ndi mbatatesi. Fodya ndi wa banja lomweli.

Chigawo chachiwiri: kabichi, repu, mpiru, tanaposi ndi chayinizi.

Chigawo chachitatu: chimanga chachiwisi, anyezi ndi bonongwe.

Chigawo chachinayi: nyemba, khobwe ndi nsawawa, komanso mabedi ochulukitsira mbewu ya mbatata.

Ulimi uliwonse ukatha, mabanja a mbewu asunthire ku chigawo chotsatira. Potero tomato sabwerera pamalo pomwe anali mpaka zigawo zina zitatu zitadutsa. Izi zimachepetsa matenda a kufota omwe kachilombo kake kamakhala m'nthaka, tinyongolotsi totupitsa mizu, ndi matenda otupitsa mizu ya kabichi omwe amavuta kumadera ozizira a nthaka ya asidi. Chimanga ndi anyezi sizichulukitsa tinyongolotsi timeneti monga achitira tomato ndi therere, n'chifukwa chake ziyenera kulowa pakati.

M'chigawo chilichonse gawani mabedi mwa maere, poyera, onse akuona. Mabedi akhale ofanana kukula kuti kuwerengera mbewu, madzi ndi feteleza kusavute. Pakati pa mabedi siyani tinjira ta masentimita 50. Mbewu zokhalitsa monga tomato ziikidwe kumtunda komwe madzi sadikha mvula ikayamba, ndipo masamba okolola msanga aikidwe kumunsi. Pa nthaka youma msanga konzani mabedi olowa pansi kuti asunge madzi. Pa dambo lonyowa, kapena pa mbewu yomwe idzakumane ndi mvula, mabedi akhale okwera masentimita 15 mpaka 20.

Malamulo a gulu

Malamulo akambidwe ndi kusainidwa nazale isanafesedwe, pomwe palibe yemwe wakwiya. Akhale ochepa, omveka, ndipo ayankhe mafunso awa.

Ndani athirira liti? Lembani ndondomeko ya masiku ndi maola, ndipo woyamba kuthirira azisintha sabata iliyonse. Musankhe munthu mmodzi woyang'anira madzi, yemwe si wapampando kapena mwini malo.

Madzi akachepa tidzatani? Gwirizanani lero kuti chigawo chiti chidzayamba kutsekedwa, ndipo aliyense adzasiya mabedi ofanana chiwerengero. Ndi bwino kukolola mokwanira pa mabedi atatu kusiyana ndi kutaya asanu ndi limodzi onse atapatsidwa madzi operewera.

Bedi losiyidwa litani? Ikani masiku, mwachitsanzo 14. Akadutsa popanda chifukwa, komiti izule mbewuyo kapena ipereke bedilo kwa wina. Pa matenda kapena maliro, gulu lithirire m'malo mwa mnzawo. Bedi losiyidwa ndilo limasunga akangaude ofiira ndi mbozi zomwe zimafalikira kwa onse.

Mpanda ndi wa ndani? Nyengo ino ziweto zimayenda momasuka. Gawani mpanda m'zidutswa, aliyense adziwe chake, ndipo mfumu idziwitse eni ziweto za chindapusa ziweto zisanalowe. Lambulani udzu kuzungulira mpanda kuopa moto wolusa.

Ndalama zisungidwa bwanji? Chopereka cha membala chikwanire mbewu, mafuta kapena kukonzetsa pampu, ndi kukumbanso chitsime. Msungichuma awerenge ndalama pamaso pa onse mwezi uliwonse. Gulu lomwe lili ndi banki m'khonde lisasakanize thumba la dimba ndi la ngongole.

Pa komiti pakhale amayi, chifukwa m'magulu ambiri ndiwo amasenza madzi ndi kupita kumsika. Maola othirira aganizirenso ntchito zawo zapakhomo.

Mbewu zoyenera nyengo ino

Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi ya pakati. Usiku ukadali wozizira, makamaka m'madambo a kumapiri monga ku Dedza, Ntcheu ndi Mzimba komwe mpweya wozizira umatsikira, koma mbewu yofesedwa tsopano idzachita maluwa m'kutentha kwa Okutobala. Posankha mbewu ganizirani nyengo yomwe idzakumane nayo pobereka.

Tomato amamera bwino pa madigiri 20 mpaka 30. Nthaka ikazizira amachedwa kumera ndipo mbande zambiri zimaola. Wofesedwa pakati pa Ogasiti amawokeredwa pakati pa Seputembala ndipo amayamba kupsa chakumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, nthawi yomwe tomato amayamba kusowa pamsika. Koma usana ukamapyola madigiri 32 ndipo usiku n'kumatenthanso, maluwa ambiri amayoyoka. Choncho nyengo ino tomato akuyenera kumtunda kusiyana ndi kuchigwa.

Kabichi amakonda madigiri 15 mpaka 20. Kumadera otentha wofesedwa tsopano amanga mitu yaing'ono pokhapokha mutasankha mtundu wopirira kutentha. Mpiru ndi chayinizi zimathamangira maluwa kukatentha. Repu amapirirako. Bonongwe, luni, chitambe, nkhwani ndi therere zimakondwa ndi kutentha, sizifuna mankhwala ambiri, ndipo bonongwe amayamba kuthyoledwa pakatha masabata anayi kapena asanu.

Anyezi nthawi yake yofesa ndi kumapeto kwa dzinja. Wofesedwa mu Ogasiti amayamba kumanga asanakhale ndi masamba okwanira, chifukwa usana ukutalika ndipo kukutentha, motero amakhala wamng'onowamng'ono. Langizani alimi kuti abzale wochepa wogulitsa ndi masamba omwe. Nyemba nazo zimataya maluwa kutentha kukapyola madigiri 30. Kumtunda zibzalidwe kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo kuchigwa m'malo mwake mubzalidwe khobwe.

Chimanga chachiwisi cha mtundu wocha msanga chimafika pogulitsa pakatha pafupifupi miyezi itatu. Chimafuna madzi ambiri pomasula, ndipo chobzalidwa mu Ogasiti chimamasula mu Okutobala pomwe chitsime chatsika. Bzalani chokhacho chomwe muyeso wanu wa madzi walola.

Musaiwale mbewu ya mbatata. Chaka ndi chaka alimi amasowa cholowa mvula ikagwa. Mitundu ya mbatata yofiira m'kati monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire, yomwe inatulutsidwa mu 2011, imachulukitsidwa mosavuta kudimba. Dulani tizidutswa ta mfundo zitatu kuchokera ku mbewu yopanda matenda, bzalani motalikana masentimita 20 ndi 10, zomwe ndi tizidutswa 50 pa sikweya mita, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 mukhoza kuyamba kudula. Mabedi ochepa obzalidwa mu Seputembala amapatsa gulu mbewu yobzala ndi yogulitsa mu Disembala.

Nazale imodzi ya gulu lonse

Nazale ya gulu imapulumutsa ndalama ndipo imasamalika bwino kusiyana ndi tinazale ta aliyense payekha. Galamu imodzi ya mbewu ya tomato imakhala ndi njere pafupifupi 300. Pa mtunda wa masentimita 90 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando, masikweya mita 100 amalowa mitengo 185. Ngakhale gulu lalikulu lomwe alimi 20 aliyense ali ndi malo otere lifuna mbande 3,700, ndipo mukaonjeza za pakabwezi, magalamu 20 akwanira. Gulani mbewu ya m'paketi yosatsegula kwa ogulitsa ovomerezeka ndipo onani tsiku lomwe idzathere mphamvu.

Nazale ikhale pamalo okwera pang'ono, pafupi ndi madzi, kutali ndi tomato kapena kabichi wakale, ndiponso pomwe sipanalimidwe mbewu za banja lomwelo posachedwa. Tenthani mapesi pabedi monga achitira alimi a fodya kuti muphe tizilombo ndi njere za udzu. Sakanizani manyowa owolerana bwino. Fesani m'mizere yotalikana masentimita 10 mpaka 15, kuya kwake sentimita imodzi, ndipo phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere. Mbewu ikangomera chotsani udzuwo ndi kumanga kashedi ka udzu wopyapyala pamwamba. Udzu ukachedwa kuchotsedwa mbande zimatalika, zimaonda ndipo zimagwa.

Kukadali kozizira thirirani nazale m'mawa kuti usiku ufike pamwamba pa nthaka patauma. Madzi ochuluka, kuthithikana ndi kuzizira ndizo zimaolesa mbande patsinde. Patulirani kuti mbande zitalikane masentimita atatu kapena asanu. Neti ya mabowo aang'ono imateteza mbande ku nsabwe, ntchentche zoyera ndi agulugufe oikira mazira. Gulani neti ya ulimi, ndipo maneti a udzudzu akhale pogona.

Kutatsala masiku 7 mpaka 10 kuti muwokere, chepetsani madzi ndi kuchotsa shedi pang'onopang'ono kuti mbande zikhwime. Tomato ndi kabichi amawokeredwa pakatha masabata anayi kapena asanu, ali ndi masamba enieni anayi kapena asanu. Thirirani nazale musanazule, zulani ndi dothi lake, ndipo wokerani madzulo.

Musafese mbewu yonse tsiku limodzi. Fesani kawiri kapena katatu, motalikana masabata awiri kapena atatu. Alimi onse akakolola sabata imodzi, mavenda ndiwo amatchula mtengo.

Manyowa, feteleza ndi kuphimbira

Thirani manyowa owolerana okwana makilogalamu awiri kapena atatu pa sikweya mita, zomwe ndi pafupifupi ndowa zitatu za malita 20 pa bedi la mamita 10, ndipo sakanizani ndi dothi sabata imodzi kapena ziwiri musanawokere. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu, zimabweretsa njere za udzu, komanso zimaipitsa masamba omwe anthu adzadye. Ngati muli ndi feteleza, wokulitsa monga D Compound kapena 23:10:5+6S+1.0Zn athiridwe powokera, ndipo wobereketsa atsatire pakatha masabata atatu. CAN ali ndi magawo 27 pa 100 a nayitrojeni pamene Urea ali ndi 46, choncho mlingo wa Urea ndi wocheperapo. Urea wosiyidwa pamwamba pa nthaka yotentha amataya mphamvu yake mumpweya. Mukwirireni ndi kuthirira nthawi yomweyo.

Kabichi atalikane masentimita 60 ndi 60, zomwe ndi mitu pafupifupi 277 pa masikweya mita 100. Chimanga chibzalidwe njere imodzi pa phando, masentimita 75 ndi 25, zomwe ndi mapesi 533 pa malo omwewo.

Kuphimbira ndi udzu kapena mapesi kumachepetsa madzi ouluka ndi dzuwa ndi mphepo ya Ogasiti, kumaziziritsa nthaka mu Okutobala ndiponso kumachepetsa kupalira. Udzu ukhale wochindikala masentimita 5 mpaka 10 koma usakhudze tsinde. Sonkhanitsani udzuwo tsopano tchire lisanapse. Kumadambo ozizira kwambiri dikirani kuti nthaka ifunde musanaphimbire mochindikala.

Mbande zongowokeredwa zimafuna madzi ochepa tsiku lililonse. Zikagwira, thirirani madzi okwanira kulowa pansi masentimita 20 mpaka 30, ndipo pa dothi la makande mukhoza kudumpha tsiku limodzi kapena awiri. Kumbani ndi chala kapena kamtengo kuti muone pomwe chinyontho chafika. Tomato wothiriridwa mwa apo ndi apo amaola kunsi kwa chipatso ndiponso amang'aluka. Alimi ambiri amayesa kuolaku ndi matenda n'kupopera mankhwala, chikhalirecho vuto ndi kathiriridwe kosinthasintha komwe kamalepheretsa mchere wa kashiyamu kufika m'chipatso.

Tizilombo ta m'chilimwe

Kukatentha tizilombo timaswana msanga. Musankhe anthu awiri oyendera dimba lonse kawiri pa sabata, akutembenuza masamba ndi kuyang'ana m'mitima ya chimanga. Pa dimba la gulu, kuteteza mbewu kuchitike tsiku limodzi m'chigawo chonse. Mmodzi akapopera lero wina sabata ya mawa, tizilombo timangosamuka.

Akangaude ofiira amakonda kotentha, kouma ndi kwa fumbi. Amakhala kunsi kwa masamba a tomato ndi mabilinganya, ndipo amayenda ndi mphepo komanso pa zovala. Zulani ndi kutentha tomato yense wakale musanawokere watsopano. Pogwira ntchito yambani ndi mabedi abwino, odwala athere. Mankhwala ambiri opha mbozi, monga Cypermethrin, sathana ndi akangaudewa koma amapha tizilombo tomwe timawadya, motero vuto limakula. Pafunika mankhwala olembedwa kuti ndi a akangaude.

Kambozi ka Tuta absoluta kanachokera ku South America, kanafika ku Spain mu 2006 ndipo kenaka kanafalikira mu Africa. Kamalowa m'kati mwa tsamba ndi m'chipatso momwe mankhwala safika bwino. Thyolani masamba ndi zipatso zogwidwa n'kuzikwirira mozama. Kambozi aka, pamodzi ndi kambozi kobiriwira koboola masamba a kabichi, kamazolowera mankhwala msanga ngati mtundu umodzi ukubwerezedwa. Kusintha dzina la pabotolo sikukwanira. Werengani dzina la mankhwala enieni omwe ali m'katimo, chifukwa mabotolo a mayina osiyana amatha kukhala ndi mankhwala amodzi.

Ntchemberezandonda zachilendo zogwira chimanga zinaoneka koyamba kuzambwe kwa Africa mu 2016 ndipo zinafika kuno m'ulimi wa 2016/2017. Chimanga cha kudimba ndicho chimazisunga mpaka dzinja. Pa mabedi ochepa, kuphwanya mazira ndi kutola mbozi ndi manja m'masabata oyambirira kumathandiza kwambiri. Zulaninso chimanga chomwe chaonetsa mikwingwirima yachikasu chikadali chaching'ono.

Alimi ambiri amagwiritsa ntchito ombwe, womwe ena amati mthuthu. Kafukufuku yemwe anachitika kuno ku Malawi ndi kusindikizidwa mu 2012 anapeza kuti ombwe ali mitundu iwiri yofanana maonekedwe, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mitengo yomwe inayezedwa linalibe mankhwala opha tizilombo. N'chifukwa chake mlimi wina amauyamikira pamene wina amati sugwira. Tengani mbewu ku mitengo yomwe yaonetsa kale kuti imapha nsabwe. Umitsani masamba pamthunzi, sinjani, viikani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku ndi usana umodzi, onjezani sopo pang'ono, sefani ndi kupopera madzulo. Ombwe amapha nsomba, choncho zotsala zisatayidwe mumtsinje.

Mankhwala ogula akhale ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, a m'botolo lake lenileni lokhala ndi malangizo. Pa botolo pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanakolole. Masamba othyola sabata iliyonse asapoperedwe mankhwala odikira masiku ambiri. Mlembi alembe tsiku lopopera ndi tsiku lololedwa kukolola, ndipo pa bedi pazikidwe kamtengo ka chizindikiro. Wopopera avale zodzitetezera, asapopere moyang'anana ndi mphepo, ndipo sipuleya isatsukidwe pachitsime.

Mabedi ophunzirirapo

Mlimi amakhulupirira zomwe waona ndi kuwerenga yekha. Patulani mabedi asanu ndi limodzi pakati pa dimba. Atatu aphimbiridwe, atatu asaphimbiridwe, ndipo aikidwe mosinthanasinthana kuti mbali imodzi isagwere pa nthaka yabwino yokha. Mbewu, tsiku lowokera, manyowa ndi feteleza zikhale zofanana pa onse. Bedi lililonse lithiriridwe pokhapokha chala chikaonetsa kuti pauma. Lembani makheni omwe bedi lililonse lamwa, maulendo opalira, ndi zokolola poyeza pa sikelo kapena ndi ndowa imodzi yomweyo. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulimi umodzi. Mukasintha ziwiri simudzadziwa chomwe chabweretsa kusiyana. Ulimi wotsatira mukhoza kuyerekeza mitundu iwiri ya tomato kapena manyowa a mitundu iwiri mwa njira yomweyi.

Ndondomeko mwachidule

Sabata yoyamba ndi yachiwiri ya Ogasiti: yezani madzi, lembani mgwirizano wa malo, khazikitsani malamulo, zulani mbewu zakale, mangani mpanda ndi kusonkhanitsa udzu.

Sabata yachitatu ndi yachinayi ya Ogasiti: gawani zigawo ndi mabedi, fesani nazale yoyamba, bzalani chimanga ndi masamba ofesa pabedi pomwepo, thirani manyowa.

Kumayambiriro kwa Seputembala: fesani nazale yachiwiri, bzalani mbewu ya mbatata, yezaninso madzi ndi kudula mitengo yoimikira tomato.

Pakati mpaka kumapeto kwa Seputembala: wokerani, phimbirani, yambani kuyendera tizilombo, ndipo kambiranani ndi ogula zokolola zisanafike.

Mvula ya chizimalupsa isakunamizeni kuti muleke kuthirira kapena kuonjezera mabedi. Kawirikawiri imatsatidwa ndi masabata a dzuwa lamphamvu.

Alangizi, sungani kaundula wa gulu lililonse lomwe mukuliyang'anira, makamaka miyeso ya madzi kuyambira Ogasiti mpaka Novembala ndi zotsatira za mabedi ophunzirirapo. Chaka chamawa gulu lidzagawa malo potengera manambala ake enieni. Mukakumana ndi matenda kapena kachilombo komwe simukukadziwa, zulani chomera chonse ndi mizu yake, chikulungeni m'pepala, lembani malo, mtundu wa mbewu, tsiku lobzala ndi mankhwala omwe anapoperedwa, ndipo chitumizeni msanga kudzera ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu kuti chifike kumalo a kafukufuku omwe muli nawo pafupi, monga Bvumbwe, Chitedze, Makoka, Kasinthula kapena Lunyangwa.